Laputopu yakale ikakana intaneti mutangoikanso Windows: momwe mungaikonzere

Anthu ambiri amene ali ndi malaputopu akale, monga Dell Latitude, HP EliteBook kapena Lenovo ThinkPad ogulidwa atagwiritsidwapo kale ntchito, amafika poti makina ayamba kuchedwa kwambiri kapena adzaza ma virus, ndipo chotsala chimakhala kufufuta zonse n'kuikanso Windows. Ntchitoyo ikatha laputopu imayaka bwino ndipo imathamanga ngati yatsopano, koma mukayang'ana pakona ya kumanja m'munsi mwa sikirini mumapeza kachizindikiro ka netiweki kali ndi X wofiira, kapena Wi-Fi sakuoneka n'komwe. Kawirikawiri sikuti mkati mwapsa kanthu. Pofufuta Windows wakale munafufutanso timapulogalamu totchedwa ma driver, timene timachititsa kuti Windows azindikire zipangizo za mkati mwa makina, ndipo Windows watsopanoyo, makamaka akakhala Windows 7, sabwera ndi driver wa kachipangizo ka Wi-Fi ka laputopu iliyonse.

Musanafike ku ma driver, yambani mwayang'ana laputopu yeniyeniyo m'mbali ndi kutsogolo. Malaputopu ambiri a zaka za m'ma 2010 ali ndi kabatani kokankha kozimitsira Wi-Fi, ndipo kamakankhika kokha poika makina m'chikwama. Ma ThinkPad ambiri a nthawi imeneyo amayatsanso Wi-Fi podina Fn ndi F5 limodzi, pamene pa ma HP ambiri batani lake ndi F12, lomwe kanyali kake kamawala kofiirira Wi-Fi akakhala wozimitsidwa. Pa Windows 10 onaninso ngati Airplane mode sinayatsidwe. Zimenezi sizitenga ngakhale mphindi ziwiri, koma zapulumutsa anthu ambiri ku ulendo wopita kwa okonza makompyuta.

Mabatani akakhala kuti ali bwino, dinani batani la Windows limodzi ndi R, mulembe devmgmt.msc m'kabokosi kamene katuluke, kenako mudine Enter. Patseguka Device Manager, womwe ndi mndandanda wa zipangizo zonse za m'laputopu. Pansi pa Network adapters payenera kuoneka dzina lokhala ndi mawu akuti Wireless, WLAN kapena 802.11. Likakhala kuti palibe, yang'anani pansi pa Other devices, ndipo mukapezapo Network Controller ali ndi kachizindikiro kachikasu, vuto mwalipeza: kachipangizo ka Wi-Fi kalipo ndipo Windows akukaona, koma sakudziwa kuti n'kachiyani. Ethernet Controller akakhalanso ndi kachizindikiro komweko ndiye kuti ngakhale mutalumikiza waya wochokera ku router, kabokosi kogawa intaneti, intaneti sibwera. Nthawi zina dzina la Wi-Fi limaonekadi koma lili ndi kamuvi koloza pansi, kusonyeza kuti langozimitsidwa. Pamenepo dinani ndi batani la kumanja la mbewa n'kusankha Enable.

Apa m'pamene anthu ambiri amagwira njakata, chifukwa driver amapezeka pa intaneti, pomwe intanetiyo ndi imene kulibe. Njira yachidule ili m'thumba mwanu momwemo. Tengani foni ya Android yokhala ndi bandulo ya Airtel kapena TNM, muilumikize ku laputopu ndi chingwe cha USB, ndipo mu Settings ya foniyo mupeze pamene palembedwa Hotspot and tethering n'kuyatsa USB tethering. Windows 7 ndi Windows 10 onse amabwera kale ndi driver wa njira imeneyi, motero pakapita masekondi ochepa laputopu imaona foniyo ngati waya wa netiweki. Chenjezo lili pa chingwecho: zingwe zambiri zotchipa zimangotchaja, sizinyamula mafailo, ndipo mukagwiritsa ntchito choterocho mawu a USB tethering amaoneka otuwa, osadinika. Sinthani chingwe musanaweruze kuti njirayi yakanika.

Intaneti ya pafoni ikangolowa, Windows 10 amayamba yekha kutsitsa ma update, ndipo bandulo imene mumati ikwana sabata ikhoza kutha musanapeze n'komwe driver amene mukufuna. Choncho pitani msanga ku Settings, Network & Internet, musankhe netiweki imene mwalumikizayo ndi kuyatsa Set as metered connection, kuti Windows aike malire pa zimene amatsitsa yekha. Mukatero bwererani ku Device Manager, mudine Network Controller uja ndi batani la kumanja, musankhe Update driver, kenako Search automatically. Pa malaputopu ambiri zimathera pomwepa. Windows akanena kuti sanapeze kanthu, zimitsani metered kwa kanthawi n'kuyesanso kudzera mu Windows Update, popeza nthawi zina saloleza kutsitsa ma driver pa netiweki yoikidwa malire.

Zikakanika, muyenera kumufunafuna nokha driver, ndipo apa mpofunika kudekha chifukwa laputopu za dzina limodzi sizikhala ndi kachipangizo ka Wi-Fi kofanana nthawi zonse. Ma Latitude awiri ooneka chimodzimodzi akhoza kukhala wina ndi ka Intel, wina ka Broadcom. Kuti musachite zongoganizira, dinani kawiri pa Network Controller, mupite pa Details, ndipo pamndandanda wa Property musankhe Hardware Ids. Muona mzere woyamba ndi PCI\VEN_ wotsatiridwa ndi zilembo kapena manambala anayi, kenako DEV_ ndi ena anayi. Anayi oyambawo ndi dzina la kampani imene inapanga kachipangizoko: 8086 ndi Intel, 10EC ndi Realtek, 168C ndi Atheros, 14E4 ndi Broadcom, ndipo 1814 ndi Ralink. Anayi a pambuyo pa DEV_ akusonyeza mtundu weniweni wa kachipangizoko. Lembani zonsezi papepala kapena muzijambule ndi foni.

Kenako tembenuzani laputopu muwerenge kapepala komatidwa kunsi kwake, kapena pansi pa batire ngati ili yochotseka. Dell amalembapo Service Tag, HP amalembapo nambala ya product ndi serial, Lenovo nayenso serial ndi mtundu wa makina. Lowani pa tsamba la support la kampaniyo, mulembe nambalayo, musankhe Windows amene mwaika, ndipo pagawo la Network mutenge driver wogwirizana ndi dzina munapeza lija. Muonetsetse ngati Windows wanu ndi wa 32-bit kapena 64-bit, zomwe zimaoneka mukadina Computer kapena This PC ndi batani la kumanja n'kusankha Properties; driver wa 64-bit salowa pa Windows wa 32-bit. Laputopu ikakhala yakale kwambiri moti kampani sinatulutse driver wa Windows 10, tengani wa Windows 8.1 kapena wa Windows 7, pakuti kawirikawiri amagwira ntchito bwinobwino. Ngati USB tethering inakana, zonsezi mungazichitire pa kompyuta ina kapena pafoni, n'kusamutsa failoyo pa fulashi.

Pali mapulogalamu ambiri amene amalonjeza kupeza ma driver onse pa kudina kamodzi, ndipo amayenda kwambiri pa mafulashi a anthu okonza makompyuta. Ine sindiwalimbikitsa pa makina amene mwangowatsuka kumene. Ena mwa iwo amalowetsa mapulogalamu otsatsa malonda amene simunawapemphe, ndipo ena amaika driver wolakwika amene amachititsa kuti Wi-Fi azingoduka. Failo imodzi yochokera kwa amene anapanga laputopu ndi yokwanira. Mukaiika, zimitsani makina ndi kuyatsanso ngakhale asanakupempheni kutero.

Tsopano tinene kuti Wi-Fi waoneka, manetiweki a anthu oyandikana nawo nyumba akutuluka pamndandanda, koma hotspot ya foni yanu kapena router yanu sikuoneka. Tizipangizo tambiri takale timamva 2.4 GHz yokha, pamene mafoni ndi ma router atsopano ena amaulutsa pa 5 GHz. Lowani m'makonzedwe a hotspot musinthe band ikhale 2.4 GHz, pa iPhone zimenezi zimachitika poyatsa Maximize Compatibility. Netiweki ikamaoneka koma n'kumakana kulumikiza ngakhale mawu achinsinsi ali olondola, onani mtundu wa chitetezo: WPA3 ndi yatsopano ndipo makina akale saidziwa, choncho isintheni ikhale WPA2. Mndandanda ukakhala wopanda netiweki iliyonse, lembani services.msc m'kabokosi kaja ka Windows ndi R, mupeze WLAN AutoConfig, muonetsetse kuti ikuyenda ndiponso kuti yaikidwa pa Automatic.

Vuto lina ndi lakuti laputopu yalumikizika koma masamba sakutseguka. Lembani cmd pamalo ofufuzira a Start, muitsegule posankha Run as administrator, ndipo pa sikirini yakudayo mulembe ipconfig. Adiresi ya IPv4 ikayamba ndi 169.254 ndiye kuti router sinaipatse laputopu adiresi. Izimitseni router kwa masekondi 30, muiyatsenso ndi kulumikizanso. Adiresi ikakhala yabwino, monga yoyamba ndi 192.168, lembani ping 8.8.8.8. Mayankho akabwera koma ping google.com n'kukana, intaneti ilipo ndipo cholakwika ndi DNS, imene imamasulira maina a masamba kukhala manambala. Pitani pa Properties ya netiwekiyo, mutsegule Internet Protocol Version 4, ndipo pa DNS mulembe 8.8.8.8 ndi 1.1.1.1. Zikapitirira kuvuta, lembani netsh winsock reset, kenako netsh int ip reset, n'kuyatsanso makina.

Musaiwale kuyang'ana tsiku ndi nthawi. Mkati mwa laputopu muli kabatire kakang'ono kozungulira ngati ndalama yachitsulo, nthawi zambiri ka mtundu wa CR2032, kamene kamasunga wotchi makina akazima. Kakatha mphamvu, laputopu imabwerera ku chaka chakale, ndipo masamba onse oyamba ndi https amakana kutseguka n'kumanena kuti kulumikizana sikotetezeka. Konzani tsikulo pamanja ndipo masamba atseguka nthawi yomweyo, koma likamabwereranso m'mbuyo tsiku lililonse, kabatireko kasintheni.

Amene aika Windows 7 akumananso ndi china: amabwera ndi Internet Explorer 8, amene masamba ambiri a masiku ano sawatsegula ngakhale intaneti ili bwino. Chrome womaliza kugwira pa Windows 7 ndi 109, ndipo Firefox ndi 115 ESR. Tsitsani failo yathunthu ya mmodzi mwa awiriwa pa makina ena n'kuibweretsa pa fulashi. Dziwaninso kuti Microsoft inasiya kuteteza Windows 7 pa 14 January 2020 ndipo Windows 10 pa 14 October 2025, motero si nzeru kuchitira za kubanki pa makina oterewa. Ngati ntchito yanu ndi kulemba, kuwerenga ndi kufufuza pa intaneti, Linux Mint, amene amaikidwa m'malo mwa Windows, amayenda bwino pa malaputopu akale a 64-bit ndipo amazindikira yekha tizipangizo tambiri ta Wi-Fi, ngakhale kuti tina ta Broadcom timafuna kuti mulumikize kaye foni ndi chingwe kuti driver atsitsidwe kudzera mu Driver Manager.

Pali nthawi imene Device Manager saonetsa chilichonse chokhudza Wi-Fi, ngakhale pansi pa Other devices. Zikatero lowani mu BIOS, makonzedwe a makina amene amatseguka Windows asanayambe, poyatsa makina, podina F2 pa Dell, F10 pa HP kapena F1 pa ThinkPad, muone ngati Wireless kapena WLAN sinaikidwe pa Disabled. Ikakhala yoyatsidwa koma Windows osakaonabe kachipangizoko, n'kutheka kuti kasukusa pamalo pake kapena kafa. Musataye laputopu chifukwa cha zimenezo. Kachipangizo ka Wi-Fi kolowetsa pa USB, monga TP-Link TL-WN725N, n'kakang'ono ngati chikhadabo ndipo kamagwira ntchito yomweyo. Pogula ingofunsani ngati kali ndi driver wa Windows amene muli naye, ndipo mumutsitsiretu pafoni musanachoke m'sitolo.