Kusonkhanitsa anzanu kuti usipa wanu upite ku Limbe pa galimoto imodzi

Mayi wogula usipa pa doko la Msaka kapena la Malembo akaunyamula yekha kupita nawo ku Limbe, phindu lake limathera pa mayendedwe, pogona ndi chakudya. Akakhala 6 kapena 8 n'kupangana galimoto imodzi, mtengo wonyamulira thumba umatsika. Koma pamafunika mmodzi wodziwa kukokera anthu pamodzi, ndipo ntchito yake imayamba msonkhano usanaitanidwe.

Pitani kwa mmodzimmodzi, kumatandala komweko akutembenuza usipa, mumufunse: "Amayi, ulendo wathawu munalipira zingati, nanga munatsala ndi zingati?" Akawerengetsa yekha ndiye amaona vuto lake. Mukatero mudziwanso chosowa cha aliyense. Wina ali ndi mwana wakhanda, sangagone kumsika. Wina ali ndi kasitomala wodalirika ku Limbe koma katundu amamuchepera. Wina mlamu wake ndi dalaivala. Anthu otere ndiwo ogwirizanitsa, chifukwa chimene wina akusowa mnzake ali nacho. Musadzaze gulu ndi abale anu okhaokha, ena angaone ngati ndi bizinesi ya pakhomo panu.

Msonkhano musauike Lachisanu masana, pakuti ambiri kuno ku Mangochi amakhala ali kumzikiti, kapenanso Lamulungu m'mawa. Ena akamasuka m'Chiyao, alekeni alankhule, wina amasulire. Munthu amene sanamve bwino pangano ndi amene amadzayambitsa mkangano.

Pangano lilembedwe m'kope, a mfumu kapena a komiti ya pa doko adziwe. Muyezo ukhale umodzi: ndowa imodzimodziyo iyezere aliyense, anthu awiri akuona. Thumba lililonse lilembedwe dzina la mwini wake ndi kuchuluka kwa ndowa zimene zalowamo. Ndalama ya galimoto igawidwe potsata matumba. Wa matumba 2 asalipire mofanana ndi wa matumba 5.

Pa kaumidwe ka usipa ndi pamene magulu ambiri amagwera. Usipa wosauma bwino umatentha m'thumba, umachita nkhungu, ndipo fungo lake limagwetsa mtengo wa katundu yense. Musanamange thumba, pisani dzanja pakati, mutapeko pang'ono, muthyole. Ukapindika osathyoka, ubwerere pathandala, ngakhale mwini wake akhale mnzanu wapamtima. Muuzeni pambali, osati pamaso pa gulu. Wofutsa ndi wongoyanika padzuwa asasakanizidwe, chifukwa mitengo yake ndi yosiyana. Nthawi ya mvula onaninso kuti lona wa galimotoyo sakudontha, msewu wodzera ku Liwonde ndi ku Zomba ndi wautali.

Operekeza katundu akhale awiri, azisinthana ulendo uliwonse, ndipo chakudya chawo chichoke m'thumba la gulu. Asanagulitse aimbe foni kunena mtengo wa tsikulo. Ndalama za aliyense zitumizidwe pa Mpamba kapena Airtel Money tsiku lomwelo, kuti uthenga wa pafoni ukhale umboni.

Inu amene mwasonkhanitsa anthu musagwire ndalama. Msungichuma akhale wina, mlembi wina. Mukafuna kangachepe pa kuthamanga kwanu, nenani poyera tsiku loyamba, kalembedwe m'kope. Mugwirizanenso kuti mwera ukawomba, usipa n'kusowa, galimoto idikira masiku angati, ndipo dalaivala auzidwe msanga asanathire mafuta.