Kasamalidwe ka timakhadi ta mapemphero ta Amayi Maria

Akhristu anzanga a kuno ku Mchinji, kaya mumapemphera ku Guilleme, ku Ludzi kapena ku Kachebere, mwezi wa Okutobala ndi wa Kolona, ndipo timakhadi ta Amayi Maria tikhala tikugulidwa kwambiri.

Musanagule, tembenuzani kakhadiko muwerenge kumbuyo. Ena amalemba kuti ukapemphera kasanu ndi kanayi ndi kugawira anthu ena, ndalama zibwera, ukapanda kutero tsoka likugwera. Zoterezo zisiyeni pamsika pompo. Mpingo suphunzitsa zimenezo, ndipo kakhadi si chithumwa. Amayi Maria timawalemekeza ndi kuwapempha kuti atipempherere, koma wopembedzedwa ndi Mulungu yekha. Chithunzi cha ku Fatima ku Portugal, kumene Amayi Maria anaonekera kwa ana atatu mu 1917, kapena cha ku Lourdes ku France, chimangotithandiza kuika mtima pa pemphero.

Mukagula, pitani nako kwa amene amamata mapepala ndi pulasitiki paboma, kenaka mukapemphe Bambo Mfumu akadalitse Misa ikatha. Mvula ikayamba chinyontho chimafufutitsa utoto, ndipo chiswe sichiona nkhope. Osakhoma pakhoma la dothi kapena pafupi ndi utsi wa kukhitchini. M'buku la nyimbo kapena m'Baibulo mumasungika bwino.

Kakhadi kodalitsidwa kakang'ambika, sikatayidwa kudzala pamodzi ndi zinyalala. Katentheni mwaulemu ndi kukwirira phulusa lake, kapena kakwirireni pamalo posapondapo anthu. Kolona yoduka, ngati siingalumikizikenso, muchite nayo chimodzimodzi.

Kumphakati, kagulu kathu ka akhristu oyandikana nyumba, agogo amene maso anafooka muwapezere ka zilembo zikuluzikulu.