Kukaona mtsinje wa Pungwe kuchokera ku Harare

Pungwe ndi mtsinje wa makilomita pafupifupi 400. Umayambira m'munsi mwa phiri la Nyangani ku Nyanga m'dziko la Zimbabwe, n'kudutsa chigwa cha Honde, kulowa m'Mozambique mpaka kukathira m'nyanja ya mchere ku Beira. Kumtunda ndi kumunsi n'kosiyana kwambiri, choncho sankhani mbali imodzi musanalongedze chikwama.

Ngati muli ndi masiku awiri okha, pitani kumtunda. Tengani msewu wa ku Mutare, mukafika pa Rusape mukhotere ku Nyanga. Mathithi a Pungwe ali m'kati mwa Nyanga National Park, ndipo pamakhala ndalama yolowera. Misewu yam'katimo ndi yafumbi, mvula ikagwa imaterera, galimoto yaing'ono imatitimira m'matope. Nyamulani juzi ngakhale kuno kukutentha, chifukwa nkhungu imatsika mwadzidzidzi moti simuonanso mnzanu ali patsogolo panu. Ofuna kuwedza nsomba za trout ayambe atenga chilolezo ku ZimParks, bungwe loyang'anira mapaki ndi nyama zakutchire ku Zimbabwe. Madzi ozizira a mtsinjewu ndi amene amapita mumzinda wa Mutare kudzera mumphanga yoboola m'phiri.

Kumunsi kumafuna pasipoti ndi masiku osachepera anayi. Mumadutsa pachipata cha m'malire cha Forbes ku Mutare, kenako cha Machipanda mbali ya Mozambique, n'kutsata msewu wa EN6 mpaka ku Beira. Pitani pakati pa Meyi ndi Okutobala. Nthawi yamvula chigwa chonse chimasefukira, monga zinachitikira mu Malichi 2019 ndi namondwe wa Idai.

Apa mpamene anthu a kumtunda timalakwitsa. Tinazolowera damu ngati Chivero la pafupi ndi Harare, madzi ake okhala pamodzimodzi tsiku lonse. Ku Beira madzi amadzaza ndi kuphwa kawiri pa tsiku, ndipo mwezi ukakhala wathunthu kapena mumdima amatha kukwera mamita oposa 6. Nthawi yake imachedwerako mphindi pafupifupi 50 tsiku lililonse, ndiye zomwe munaona dzulo musazidalire lero. Funsani asodzi musanatsikire kumatope kukaona nkhanu ndi mbalame pakati pa mitengo yomera m'madzi amchere, ndipo bwererani madzi akangoyamba kutembenuka. Amadzaza makwalala a kumbuyo kwanu poyamba, inu mukuona ngati mudakali pouma.

Osasambira mumtsinjemo kumunsiko, muli ng'ona ndi mvuu. Mankhwala opewera malungo kafunseni kuchipatala musananyamuke, ndipo neti yonyikidwa m'mankhwala nyamulani yanu.