Momwe mungawerengere mphamvu ya kutentha yosungunulira ayezi

Mukaviika themometa mu ayezi amene akusungunuka, imaima pa 0°C mpaka kachidutswa komaliza katatha, ngakhale musonkhezere moto. Kutentha kolowako kumathera pa ntchito yomasula tizigawo ta madzi tomwe tagwirana. N'chifukwa chake samuyi imachitidwa m'magawo awiri.

Yambani ndi kuyeza ayezi pasikelo, m'makilogalamu. Musayeze ndi kapu, poti lita imodzi ya ayezi imalemera pafupifupi 0.92 kg, osati kilogalamu yathunthu. Titenge 0.5 kg ya ayezi ongotuluka kumene mufiriji pa -18°C.

Ayezi ozizira chonchi sayamba kusungunuka asanafike pa 0°C. Kukweza kilogalamu imodzi ya ayezi ndi digiri imodzi kumafuna ma joule (muyezo wa mphamvu, mwachidule J) pafupifupi 2,100, ndiye chulukitsani kulemera, 2,100 ndi madigiri okwerawo: 0.5 × 2,100 × 18 = 18,900 J. Ngati ayeziwo ali kale pa 0°C, gawoli lidumpheni.

Mphamvu yambiri imathera pa kusungunula kwenikweniko. Kilogalamu imodzi imadya 334,000 J, ndipo njira yake ndi Q = mL, kutanthauza kuti mphamvu (Q) imapezeka pochulukitsa kulemera (m) ndi nambala imeneyi (L): 0.5 × 334,000 = 167,000 J. Apa madigiri salowapo chifukwa sakusintha. Musaichepetse nambalayi. Mphamvu yomweyo ikhoza kutenthetsa madzi olemera chimodzimodzi kuchoka pa 0°C kufika pafupifupi 80°C.

Phatikizani ziwirizo: 18,900 + 167,000 = 185,900 J. Mukafuna kuti madziwo afunde mpaka 20°C, onjezani 0.5 × 4,200 × 20 = 42,000 J, poti kukweza kilogalamu imodzi ya madzi ndi digiri imodzi kumafuna ma joule pafupifupi 4,200.

Kuti mudziwe nthawi, gawani ma joule ndi mawati. Chotenthetsera cha mawati 1,000 chimapereka 1,000 J pa sekondi, choncho 185,900 J ndi masekondi pafupifupi 186. Mukayesa ndi poto zimatenga nthawi yoposa pamenepo, chifukwa kutentha kwina kumalowa m'chitsulo ndi mumpweya.

Ambiri amapunthwa pa miyezo. Mukachulukitsa magalamu 500 ndi 334,000, yankho limakula ka 1,000. Pa magalamu nambala yake ndi 334. Ena amaika 4,200 pa gawo loyamba, kuiwala kuti imeneyo ndi ya madzi, ndipo yankho la gawolo limawirikiza kawiri. Ayezi onyowa nawonso amanamiza sikelo, chifukwa madzi apamwambawo anasungunuka kale. Apukuteni ndi kansalu kouma musanawayeze.