Njira Yoyezera Usodzi wa Dziko M'nyanja Yamchere

Munthu wofuna kudziwa mmene usodzi wa dziko linalake ulili ayenera kuyamba ndi madzi amene dzikolo lili nawo. Pangano la mayiko la 1982 lotchedwa UNCLOS limapatsa dziko la m'mphepete mwa nyanja ulamuliro pa nsomba zopezeka mpaka mtunda wa makilomita pafupifupi 370 kuchokera kugombe. Komabe kukula kwa madzi si kuchuluka kwa nsomba, chifukwa zambiri zimakhala m'madzi osaya a kufupi ndi gombe ndiponso kumene madzi ozizira a pansi amatumphukira pamwamba atanyamula chakudya, monga zimachitikira ku Peru.

Mukatero pezani matani a nsomba zogwidwa chaka ndi chaka. Bungwe la United Nations loona za chakudya ndi ulimi, la FAO, limasonkhanitsa ziwerengerozi, ndipo zimaonetsa kuti padziko lonse m'nyanja zamchere mumachoka matani pafupifupi 80 miliyoni pachaka. Popeza FAO imalandira zimene maboma apereka, funsani mmene bomalo linawerengera. Sitima yaikulu imakocheza padoko pamene pali sikelo ndi kalaliki, koma msodzi wa bwato amene wafika mbandakucha n'kugulitsa nsomba zake pamchenga pomwepo kawirikawiri salembedwa m'kaundula, monganso nsomba zodyedwa pakhomo ndi zotayidwa m'madzi.

Apa ndi pamene ambiri amasokonekera, chifukwa matani paokha amanyenga. Agaweni ndi ntchito imene yagwiridwa, ndiye kuti chiwerengero cha sitima, masiku amene zakhala pamadzi ndi maola amene zakoka makoka. Ngati matani sakusintha koma sitima zachuluka kawiri ndipo zikupita kutali kuposa kale, nsomba zikutha. Ngakhale muyeso umenewu uli ndi msampha wake. Ku Newfoundland, m'dziko la Canada, nsomba za cod zitachepa zinkasonkhana m'magulu ochepa amene sitima zokhala ndi makina ofufuzira zinkawapeza mosavuta, motero makoka ankadzazabe mpaka boma linatseka usodziwo mu 1992, anthu masauzande ambiri n'kutha ntchito. N'chifukwa chake ine ndimakhulupirira kwambiri kafukufuku wa sitima ya akatswiri, imene imaponya khoka lofanana pamalo omwewo chaka chilichonse, kaya pali nsomba kapena ayi.

Kenako yang'anani nsomba yeniyeniyo. Igonekeni pathabwa loyezera, mulembe kutalika kwake, muitumbule kuti muone ngati inakhwima moti n'kuswa. M'mutu mwake muli timiyala tating'ono ta m'khutu, ndipo kamodzi kakadulidwa n'kuikidwa pa maikulosikopu kamaonetsa mizere yozungulira yonga ya pachitsa cha mtengo, imene imasonyeza zaka za nsombayo. Mulu wa nsomba ukadzaza ndi zazing'ono zimene sizinaswepo, ndiye kuti mwina zikuluzikulu zinatha kale.

Musaweruze ndi chaka chimodzi, koma ndandalikani zaka 20 kapena kuposerapo. Ku Peru nsomba zing'onozing'ono zotchedwa anchoveta zinagwidwa matani oposa 12 miliyoni mu 1970, koma mu 1972 usodziwo unagwa pamene kutentha kwa madzi a m'nyanja kotchedwa El Niño kunapeza nsomba zitachepetsedwa kale ndi makoka. Zimene mwapeza muziyerekeze ndi za FAO, zimene zikuti mu 2021 magulu a nsomba 37.7 pa 100 alionse ankagwidwa mopyola muyeso, pamene mu 1974 anali 10 okha.