Musataye Buledi Wogona, Phikani Phudingi ya Maapozi

M'miyezi ya Juni ndi Julayi, pamene chifunga chimakuta phiri la Zomba ndipo m'nyumba mumazizira, palibe chakudya chimene chimandikhazika mtima pansi ngati phudingi ya buledi ndi maapozi. Buledi wogona masiku awiri ndiye woyenera, chifukwa amamwa bwino mkaka popanda kusanduka phala.

Dulani magawo 6 a buledi m'tizidutswa, ndipo muwathire makapu 2 a mkaka amene mwasakaniza ndi mazira 2, masupuni 4 a shuga, kasupuni ka sinamoni ndi jinja pang'ono. Dikirani mphindi 20 kuti buledi anyowe mpaka m'kati. Ambiri amapupuluma apa, ndipo phudingi yawo imatuluka youma. Maapozi awiri, makamaka obiriwira owawasira aja, muwasende, muwadule ndi kuwakazinga pang'ono m'majarini musanawasakanize ndi buledi, pakuti kutero kumatulutsa fungo lawo lokoma.

Phikani mu uvuni pa madigiri 180 kwa mphindi 40. Ngati mukugwiritsa ntchito mbaula, siyani makala ochepa pansi pa poto ndipo ambiri muwaike pa chivindikiro, kuti pansi pasapserere pamwamba pasanafiire. Mpeni ukatuluka wouma pakati, phulani, ndipo mudye ikadali yotentha ndi tiyi.