Mwaitanidwa kukayankha mlandu ku positi? Chitani izi

Achimwene, mwati kalata ya rejisitala yasowa m'manja mwanu ndipo mabwana akuitanani. Musathawe ntchito, kujomba kungakhale mlandu wachiwiri.

Choyamba, pemphani kuti mlanduwo aulembe papepala, pamodzi ndi tsiku lokaonekera. Kenako sakani umboni msanga: nambala ya kalatayo, buku losainirana, dzina la amene anatseka thumba la makalata ndi amene analitsegula. Ku positi nkhani imathera pa siginecha, choncho jambulani masambawo pafoni ngati akulolani.

Yankhani molemba, mwachidule, n'kusunga kope. Musasaine chikalata chimene simunawerenge, ngakhale akufulumizitseni. Pokaonekera, pemphani kupita ndi wa yuniyoni kapena mnzanu wa pantchito.

Lamulo la Employment Act la 2000 limati bwana asachotse munthu popanda chifukwa chomveka komanso asanamupatse mpata wodziteteza. Zilango zina ndi kalata yochenjeza, kuimitsidwa kapena kutsitsidwa udindo.

Akakuchotsani mopanda chilungamo, kadandauleni ku ofesi ya leba ya boma lanu isanathe miyezi 3. Zikakanika kumeneko, nkhani imapita ku Industrial Relations Court, khoti loweruza milandu ya pantchito.